Msana wa a Mukhova

Chaka chakwana chimwalirireni a Mukhova. Anthu akuwatamabe. Ine ndamva zokwanira, ndiye ndati ndilembeko zanga.

Pamaliro awo panalankhula anthu ambiri. Mkulu wampingo anati a Mukhova anali miyendo ya anthu opanda miyendo. Mayi wina wochokera ku Nsabwe anati anali ambulasi ya amphawi. Kenaka wina anaimirira n'kunena kuti chodabwitsa pa zonse chinali msana wawo. Anati munthu wamkulu ngati ameneyu ankabereka nkhalamba inzake kuchokera kutsidya kwa khwawa, kuwoloka nayo ulalo, kukwera nayo chitunda chonse cha m'tiyi osapumira. Khamu linavomereza. Ena anandiyang'ana pang'ono n'kubweza maso pansi. Ine ndinali kumbuyo, nditatsamira fosholo, miyendo ili psuu ndi katondo, poti manda aja tinakumba ndife. Palibe ananditchula.

Nkhalamba ankainenayo ndi apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga Esinati. Za msanawo ndifika. Ndinene msanga kuti apongozi sawerenga, ndipo amene adzawawerengere izi adzaonana ndi ine.

Ine ndine Fanuwelo. Kwathu ndi kuchigwa, ku Chikwawa. Ndinakwera kuno kudzafuna ntchito ku esiteti, ndinaipeza kufakitale, yonyamula matumba a tiyi. Ndinakwatira konkuno n'kumanga pamudzi pa mkazi wanga, monga amachitira kuno. Ndine mkamwini. Za ine zathera pamenepo.

A Mukhova anali munthu wamfupi, wadazi, wa mapewa otambalala ngati chitseko. Pakamwa pawo sipankapuma. Bambo awo anachokera ku Mozambiki ndi mtolo pamutu, nagwira ntchito yonyamula azungu a m'minda ya tiyi pamachila. Nkhani imeneyi ankaikambira aliyense, ngakhale amene anaimva dzulo lake. Ankati bambo awo anatha mapewa ndi anthu a miyendo yabwinobwino, oti akanafuna akanayenda okha, ndiye iwo anatsala ndi ntchito yonyamula eni ake enieni a machila.

Iwo eni anagwira ku esiteti mpaka kukula, kukweza masamba a tiyi m'ngolo ya thirakitala. Anapuma ntchito matipate atangoyamba kumene. Anzawo opuma nawo anagula malata, ena mawailesi. Iwo anagula njinga yakapalasa, natola bedi lachitsulo lotayidwa, napita nalo kwa wowotcherera zitsulo ku Makwasa. Linabwerako lili ndi mateyala awiri ndi chitsulo chokolekera kumbuyo kwa njinga. Pamwamba anamangapo kadenga ka lona, pansi anayalapo matiresi opyapyala. Anthu anaseka. Ankati a Mukhova apanga bokosi lamaliro loyenda lokha. Miyezi yoyamba nkhalamba zinkakana kukwera. Inayamba imodzi, itabwerako yamoyo zinzake zinatsatira.

Kuno kwathu msewu wa minibasi uli kumtunda. Nyumba za anthu zili m'makwawa, kuseri kwa minda ya tiyi, kofikako ndi tinjira ta mapazi. Wa miyendo yake amakwera, thukuta lili kamukamu. Wopanda miyendo amangomva kulira kwa minibasi ali pamphasa. A Mukhova ankamutenga munthu pamphasa pomwepo. Ngolo ikalephera kufika, ankaisiya pothera njira, n'kutsika ndi chitenje, kumubereka munthuyo ngati khanda mpaka pangolo. Pachitunda ankatsika panjinga n'kumakankha. Pamtsetse ankafinya mabuleki uku akuyimba nyimbo za kutchalitchi, ndi mawu oti mbuzi zinkathawa.

Ankati munthu sanafike ngati sanakhale pansi. Kuchipatala cha mishoni ku Makwasa sankamusiya munthu pageti. Ankalowa naye mpaka pabenchi la pakhomo pa anesi, n'kudikira, kaya ndi tsiku lonse. Pobwerera ankamuika pamphasa pake penipeni, kumuyandikizira ndodo ndi chikho cha madzi. Akatero ankatembenukira achibale. Ankawakalipira za mphasa yosaanika, za zikhadabo zosawenga, za chitseko chothina choti munthu woberekedwa amagunda mutu. Ankakalipa mokweza, kuti oyandikana nawo amve.

Zonsezi ndikuvomereza. Koma asandiuze kuti anali mngelo. Ankakonda kutamidwa ngati mmene mwana amakondera nzimbe. Belu la njinga ankaliimba ngakhale panjira popanda ndi nkhuku yomwe, kuti anthu atuluke aone kuti a Mukhova akudutsa. Ankakonda kudya. Mtengo sankatchula, n'zoona, koma akafika pakhomo ankayang'ana mkoko wa nthochi nthawi yaitali, mpaka mwini wake achite manyazi atenge chikwanje.

Ndi makondakitala ankalimbana pafupipafupi. Wofuna kupita ku Boma kapena ku Limbe ankamufikitsa pasiteji. Anyamata a minibasi akaona ndodo kapena chikuku ankamuuza dalaivala kuti apitirire, ati agogo amadya nthawi. Tsiku lina ndinaona ndekha. A Mukhova anaimika ngolo pakati pa msewu, iwo n'kukhala pansi patsogolo pake.

"Madala, chotsani chibedi chanucho!" anakuwa kondakitala.

"Chichoka mayiwa akakhala pampando wakutsogolo."

"Kutsogolo kuli anthu."

"Ndikuwaona. Ali ndi miyendo iwiriiwiri. Aigwiritse ntchito."

M'minibasi anthu anaseka. Mnyamata wina wa tayi anatsika n'kukadzipanikiza kumbuyo. A Mukhova anawakweza mayi aja, kuwakonzera chitenje, kenaka anamuuza dalaivala kuti nkhope yake aiona bwino ndipo amayi ake amawadziwa. Nkhani imeneyi inayenda mpaka ku Nsabwe. Inayenda chifukwa eni ake ankaiyendetsa.

Kutchalitchi nako kunabuka nkhani. Iwo ankapemphera tsiku la Sabata, monga apongozi ndi mkazi wanga, ndipo m'mawa wa Sabata ankazungulira kutola okalamba ndi olumala. Mkulu wina anadandaula pamsonkhano kuti kupalasa njinga ndi katundu kumbuyo ndi ntchito, ndipo pa Sabata ntchito siloledwa. Anthu ankayembekeza phokoso. A Mukhova anangoti amva. Sabata lotsatira anabwera wapansi, atavala tayi, manja ali m'thumba. Benchi lakutsogolo linali mbee. Mkulu wosaona amene ankatsogolera mawu a besi anali kwawo. Mayi ake a mkulu wodandaula uja nawonso anali kwawo, atavala kale, akudikira belu la njinga. Nyimbo zinayenda mopunduka tsiku limenelo. Nkhani ija sinabwerenso pamsonkhano.

Tsopano za apongozi. Miyendo yawo inafa pang'onopang'ono. Mawondo anatupa, zala zinapindika, mpaka kuyenda kunatha. Pakati pa nyumba yawo ndi yanga pali khola la mbuzi basi. Nyumba imeneyo ndinafolera ndine. Chimbudzi chokhala ndi pogwira ndinakumba ndine. Nkhuni ndine. Chaka cha njala chija, ufa umene unkalowa m'nyumba imeneyo unkachokera pamsana panga.

Koma kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Sayang'anana kumaso. Sadyera pamodzi. Sakhudzana ngakhale chala. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira m'tchire. Achinyamata akuzisiya zimenezi, koma apongozi anga ndi akale, ndipo amazigwira ndi manja awiri. Akafuna kundiuza kanthu amauza Esinati, ine ndili kuseri kwa mpanda ndikumva zonse. Dzina langa sanalitchulepo. Amati abambo a kuchigwa.

Ndiye kumveke belu kumtunda. Kenaka mawu akutsika m'tiyi muja: "Achemwali, mwadzuka? Galimoto yafika!" Apongozi, munthu amene wakhala akubuula kuyambira m'mawa, kumangomva akuseka. Awiriwo ankalankhulana Chilomwe. Ine Chilomwe ndimatolako pang'ono, mawu a moni ndi a chakudya. Ankaseka mpaka kutsokomola. Nthawi zina m'kati mwa Chilomwecho ndinkamva mawu oti Chikwawa, kenaka kuseka kwina.

Ndiye panali kalongonda. Nyemba zimenezi Alomwe amazikonda, ndipo siziphikidwa mwachibwana. Zimakhala pamoto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, madzi kumataya n'kuthira ena, apo ayi zimamuzunguza munthu mutu. Zimatha nkhuni. Apongozi ankakhala pafupi ndi moto tsiku lonse kuyang'anira Esinati akuphika, ati za a Mukhova. Nkhunizo ndinkawaza ndine. A Mukhova ankadyera pakhonde, miyendo atatambalitsa.

"Akamwini, bwerani mulaweko," ankatero akunyambita zala. "Koma pang'ono. Nyemba izi sizidziwa alendo."

Tsiku lina ndinamuuza Esinati kuti zimenezi zanditopetsa.

"Mukuchitira nsanje nkhalamba, bambo a Mose?"

"Nkhunizo ndi zanga."

"Ndiye mukadye nkhunizo."

Nsanje ndinali nayo. Ndikadali nayo. Sindinabise ndipo sindikubisa.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali la m'dzinja. Tiyi anali ataphuka kwambiri, ndipo aliyense wa manja awiri anali kumunda kukatchola. Mvula inali ikugwa masiku angapo osakata. Ine ndinali pakhomo chifukwa shifiti yanga inali yamasana. Esinati anali ndi pakati, ali wotopa kale. Apongozi anali akutsokomola kwa masiku, koma m'mawa umenewo mpweya wawo unkalira ngati macheka pamtengo wauwisi. Thupi linali moto. Esinati anandituma kukaitana a Mukhova. Ndinathamanga.

Tinabwera ndi ngolo n'kuisiya kumtunda, pothera njira. Kuchokera pamenepo kupita kwathu umatsika chitunda cha m'tiyi, n'kuwoloka khwawa paulalo wa mitengo iwiri ya bulugamu. Katondo anali ataterera ngati sopo. Madzi anali akunyambita mitengo ija. Potsika ndinaona a Mukhova akugwirira m'mitengo ya tiyi, chinthu chimene sankachita. Anali atakalamba. Sankafuna kumva, koma anali atakalamba.

Analowa m'nyumba ya apongozi. Ine ndinaima panja, pambali pa chitseko. Anagwada, Esinati anawathandiza kumanga chitenje. Anati adzuke, mawondo anakana. Anayesanso. Ulendo uno anagwera kukhoma, apongozi anabuula. Esinati anamasula chitenje.

"Mayi," ndinamva Esinati akunena, "bambo a Mose ali panjapa. Akuberekeni."

Apongozi ankalankhula modukiza, mpweya ukuwathawa. "Iwe, wapenga? Chifuwa changa pamsana pa mkamwini? Ndifere pompano."

"Mayi, mukapanda kupita kuchipatala lero simufika mawa."

"Ndati ndifere pano. Mundiike bwinobwino, ndi ulemu wanga."

Sankaopseza. Ndimawadziwa. Amuna onse anali kumunda, kutali, ndipo kapitawo salola munthu kusiya dengu m'nyengo imeneyo. Msana woti n'kuwoloka nawo khwawa lija unalipo umodzi pamudzi ponse, ndipo unali woletsedwa.

A Mukhova anatuluka. Nkhope inali itatuwa. Anaima pakhonde kuyang'ana mvula, ali chete. Ndinali ndisanawaonepo ali chete. Kenaka anakuwa, mokweza kuposa mmene zinkafunikira:

"Akamwini! Mwangoima ngati mtengo wa magetsi? Thamangani kumunda mukaitane amuna. Thamangani!"

Ndinanyamuka. Anandigwira pamkono, chala china chili pamlomo. Analoza jombo zanga kuti ndivule. Anavula jekete lawo lakhaki, lonunkha girisi ndi thukuta, n'kundiveka. Silinatseke, ndipo manja ake anathera m'zigongono. Anandikokera khutu pafupi ndi pakamwa pawo.

"Ukatsokomola ndikupha."

Analowanso. "Achemwali, mawondo anangochita dzanzi, ndawawongola. Koma kunjaku mvula ndi yamphamvu. Ndi chifuwa chanuchi, ndikufunditsani ndi mutu womwe."

Esinati anawayang'ana, kenaka anandiona ine pakhomo ndi jekete lija. Anatenga bulangete n'kuwafunditsa mayi ake, mutu ndi nkhope zonse. Ndinalowa chambuyo. Chiifolereni nyumba imeneyo ndinali ndisanalowemo. Ndinagwada. A Mukhova anagwada pambali panga, mutu wawo utagundana ndi wanga.

"Kwerani, achemwali, galimoto inyamuke."

Anali opepuka kuposa thumba la tiyi. Kutentha kwa thupi lawo kunkadutsa jekete n'kundiwotcha msana. Tinatuluka. A Mukhova anali kuphewa langa lamanja, dzanja lawo litagwira lamba wanga, moti kunena zoona ndinkanyamula anthu awiri. Pakamwa sipanapume. Ankabuula ngati munthu wolemedwa. Ankawefuka.

"Hii, achemwali! Kalongonda uja mumatsala mukudya nokha eti? Kulemera kotereku!"

Ine ndinkapuma ndi mphuno, pang'onopang'ono, kuti ndisamveke.

Paulalo anthu awiri sangayende mogundana mapewa. A Mukhova anapita patsogolo, pafupi kwambiri moti ndinkawaponda zidendene, mutu atautembenuzira kumbuyo, akulankhulabe. Tili pakati, phazi langa linaterera. Ndinagwa ndi bondo limodzi pamtengo. Sindinafuule. Koma dzanja la apongozi linatuluka m'bulangete kufuna pogwira, ndipo linagwira tsitsi langa. Linagwira zolimba.

A Mukhova mutu wawo unali wosalala ngati chipanda. Mudzi wonse unkadziwa.

Dzanja lija linakhala m'tsitsi langa kanthawi. Kenaka linamasuka, n'kubwerera m'bulangete pang'onopang'ono. A Mukhova anasiya kulankhula. Kunangotsala phokoso la madzi. Ndinadzifunsa kuti akati nditsitseni, ndiwatsitsa pati? Pansi panali madzi okhaokha.

"A Mukhova," anatero apongozi.

"Achemwali."

"Tsitsi lamera liti?"

"Mvula iyi, achemwali. Simunaone mmene waphukira tiyi? Nanenso ndaphuka."

M'bulangete munatuluka kaphokoso. Kaya kunali kutsokomola, kaya kuseka. Kenaka anati: "Yendani bwino, achimwene. Msana wanu ndi wabwino."

Ndinadzuka. Tinawoloka. Tinakwera chitunda chija, ine ndikuponda ndi zala m'matope, a Mukhova akubuula m'malo mwanga. Pangolo ndinawagoneka apongozi, a Mukhova anatsitsa lona m'mbali monse. Iwo anagwira chiwongolero, ine ndinakankha kumbuyo mpaka ku Makwasa, wopanda nsapato, wopanda mawu. Chinali chibayo. Apongozi anawagoneka m'chipatala, ndipo anachira. Pageti la chipatala a Mukhova anandivula jekete lawo, n'kuliyang'ana m'khwapa ngati ndaling'amba. Ku fakitale ndinafika mochedwa, kapitawo anandikalipira pamaso pa anthu.

Atatuluka m'chipatala apongozi anapempha kulankhula m'tchalitchi. Anathokoza Mulungu. Kenaka anathokoza a Mukhova, amene pa ukalamba wawo anawabereka m'mvula, kuwawolotsa madzi odzaza, osawagwetsa. Mpingo wonse unati Ameni. Theka la amayi a mumpingomo linali m'tiyi tsiku lija, madengu kumsana, ndipo anandiona ndi maso awo ndikukwera chitunda ndi jekete lothina. Nawonso anati Ameni. A Mukhova anaweramitsa mutu modzichepetsa, dazi likunyezimira. Ndinkafuna kuwaponyera buku la nyimbo.

Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yathu. Kwa ena onse a Mukhova anasiya kubereka. Ankafika pakhomo, kuloza mdzukulu kapena mwana wa mwini nyumba, kumugwaditsa, kumuphunzitsa kamangidwe ka chitenje uku akumunyoza. Kwa apongozi okha ndi kumene msana wawo sunakalambe. Tsiku la sikelo ya okalamba kuchipatala, kapena m'mawa wa Sabata, belu linkalira kumtunda, iwo n'kutsika ndi ndodo. Akafika pabwalo ankayamba ndi kundithamangitsa ine, mokweza. Poyamba ankandituma kuchigayo kapena kumsika. Pambuyo pake anayamba kusewera nazo.

"Akamwini, pitani ku Limbe mukaone ngati sitima yafika!"

"Akamwini, tsikirani kwanu ku Chikwawa mukatitengere dzuwa, kuno latha!"

Ine ndinkazungulira kuseri kwa khola, kuvula nsapato, kuvala jekete. Apongozi ankapempha okha bulangete, ngakhale mwezi wa Okutobala thukuta likuchita kuyenderera. Ankati mafupa awo amamva chisanu. Tinayenda choncho zaka. Tikafika pangolo ankati, "Zikomo, a Mukhova." A Mukhova ankayankha kuti palibe kanthu, ntchito yake ndi yomweyo.

Tinakangana kamodzi kokha kwenikweni. Apongozi anawapatsa tambala wamkulu wofiira, ati wolimbitsa msana. Tambala ameneyo chimanga chake chinali cha m'munda wolima ine. Ndinawatsatira mpaka m'tiyi.

"Tambala ameneyo ndi wanga."

"Tengani."

"Sindikufuna tambala. Ndikufuna muwauze."

"Ndiwauze chiyani chimene sakudziwa?"

"Atchule dzina langa. Kamodzi kokha."

Anakhala pansi pamwala, tambala ali m'khwapa. Anandiyang'ana ngati ndine mwana wa sitandade wani.

"Tsiku limene adzatchule dzina lanu, akamwini, sadzakweranso. Sangathe. Adzakhala pamphasa paja mpaka tsiku lowatulutsa ndi miyendo kutsogolo. Ndiye sankhani. Mukufuna dzina, kapena mukufuna azipita kuchipatala?"

Ndinayang'ana tambala uja.

"Ndiye nyamulani tambalayu mundiperekeze. Akulemera."

Ndinamunyamula mpaka kwawo. Anadya ndi adzukulu awo. Ine sanandiitane.

A Mukhova anadwala m'nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba minda. Sanadwale nthawi yaitali. Ndinawatengera kuchipatala pangolo yawo yomwe, ndipo njira yonse ankandidzudzula ali chigonere. Ati ndimafinya mabuleki ngati ndikupha njoka. Ati sindikuimba belu, anthu adziwa bwanji kuti akudutsa ndi a Mukhova. Ndinaliimba. Anthu anatuluka m'nyumba. Kuchipatalako sanabwereko.

Tsiku la maliro anyamata a kutchalitchi anabwera kudzawanyamula apongozi pampando. Apongozi anawakalipira njira yonse, ati akuwagwedeza ngati thumba la chimanga. Maliro atatha anyamata aja sanabwerenso. Ngolo ana a malemu anandisiyira ine, poti palibe ankaifuna. Jekete anatenga.

Masabata anadutsa apongozi ali pamphasa. Tsiku la kuchipatala linafika n'kupita. Mankhwala anatha. Esinati anawachonderera mpaka kulira, iwo ankangoyang'ana kukhoma. Ine ndinkakhala kuseri kwa mpanda, msana ndili nawo, ngolo ili ndi mpweya m'mateyala. Chosowa chinali pakamwa pa munthu mmodzi.

M'mawa wina wa Sabata Esinati anabwera kuseri kuja akuyenda monyang'ama.

"Bambo a Mose, mayi avala."

Ndinasuzumira pampata wa mpanda. Anali atakhala pakhomo, duku loyera kumutu, nsapato za kutchalitchi kumapazi osayendawo. Bulangete linali pamiyendo. Analitenga okha ndi zala zopindika zija, kulikweza movutikira, n'kudzifunditsa mpaka kumaso. Kenaka anaitana, ndi mawu omveka mpaka kukhola:

"A Mukhova! Mwachedwa lero. Ine ndakonzeka."

Esinati anagwira pakamwa. Ine ndinavula nsapato.

Mpaka lero timayenda choncho. Ndimabereka ndi malaya anga omwe, palibe wafunsapo. Koma njira ija yatalika. Kuphewa langa lamanja kulibe wobuula. Lamba wanga palibe womukoka. Paulalo kulibe zidendene zoti ndiponde, ndimangoona mitengo iwiri ndi madzi. Ndimapumabe ndi mphuno. Nthawi zina apongozi amayamba nkhani m'Chilomwe m'kati mwa bulangete muja, n'kuima pang'ono kusiya mpata wa yankho, kenaka n'kuseka okha. Chimene wayankha munthuyo ine sindimva. Tikafika pangolo amati, "Zikomo, a Mukhova." Munthu wagona m'manda chaka chathunthu, koma akundidyerabe zikomo wanga.

Ndikawagoneka apongozi pangolo ndimatembenuka kuyang'ana kumene tachokera. Pamatope pamakhala mapazi a munthu mmodzi. Pambali pake, pamene pankaponda a Mukhova, tiyi wayamba kutambasulira nthambi m'njira, ndipo udzu wamera.